Maulendo okaona malo a mbiri yakale m'boma la Dowa

Boma la Dowa, lomwe lili m'chigawo chapakati, limadziwika kwambiri ndi ulimi wa fodya, chimanga, mtedza ndi soya, ndipo ndi anthu owerengeka amene amalitchula akamakamba za ntchito zokopa alendo. Chikhalirecho, m'mapiri a bomali ndi a boma loyandikana nalo la Ntchisi muli malo amene adaumba mbiri ya dziko lino pa nkhani za chipembedzo, maphunziro, chiyankhulo, nyimbo ndi ndale. Ena mwa malowa ndi mishoni ya Mvera, mishoni ya Kongwe, msasa wa Dzaleka ndi nkhalango ya Ntchisi.

M'maiko ambiri, nyumba zakale zimene anthu amasonkhanamo kudzamvera nyimbo zimasamalidwa mwa zina ndi ndalama za alendo amene amabwera kudzaziona ali ndi munthu wowaperekeza ndi kuwafotokozera. Ku Dowa kulibe holo yaikulu yoimbiramo ngati za m'mizinda yakunja, koma kuli matchalitchi, sukulu ndi mabwalo amene agwira ntchito yomweyo kwa zaka zoposa 100. Nyumba yakale imasanduka chuma cha dziko pokhapokha pakapezeka munthu wodziwa kufotokoza zimene zidachitikamo. Munthu wotere akasowa, mlendo amangoona njerwa ndi malata, ndipo eni dera nawo amayamba kuiona nyumbayo ngati bwinja.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza anthu 772,569 m'boma la Dowa ndi 317,069 m'boma la Ntchisi. Maboma awiriwa ali pafupi ndi likulu la dziko lino la Lilongwe komanso bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi, zomwe zikutanthauza kuti alendo ochokera kunja, ogwira ntchito m'boma ndi ana a sukulu atha kupitako ndi kubwerako tsiku lomwelo.

Mmene zimakhalira m'maiko ena

Ulendo woperekezedwa ndi ulendo umene gulu la alendo limayenda m'nyumba kapena pamalo a mbiri yakale motsogozedwa ndi munthu wophunzitsidwa, pa nthawi yoikika komanso pa mtengo wodziwika. M'maholo oimbiramo, maulendo otere amachitika masana pamene mulibe oimba, kotero kuti nyumbayo imapanga ndalama ngakhale pa maola amene ikadangokhala yotseka.

Holo ya Royal Albert mumzinda wa London idatsegulidwa m'chaka cha 1871 ndipo mumalowa anthu oposa 5,000. Alendo amaonetsedwa limba lalikulu la mapaipi 9,999 komanso zimbale zikuluzikulu zimene zidapachikidwa kudenga m'chaka cha 1969 pofuna kuthetsa vuto la mawu amene ankabwerera m'makutu kawiri. Munthu wongolowa yekha sangadziwe chifukwa chimene zimbalezo zidapachikidwira, ndipo apa ndi pamene pamaonekera ntchito ya woperekeza alendo.

Holo ya Carnegie mumzinda wa New York idatsegulidwa m'chaka cha 1891. M'chaka cha 1960 idatsala pang'ono kugumulidwa kuti pamalopo pamangidwe nyumba ya maofesi, koma woimba zeze wachizungu wotchuka, Isaac Stern, adatsogolera anthu kukana ganizoli mpaka akuluakulu a mzindawo adaigula. Kufupi kuno, holo ya mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa, yomwe idamalizidwa m'chaka cha 1905, imakopa alendo kamba koti Nelson Mandela adayankhula kwa anthu ali pakhonde lake pa 11 February 1990, tsiku limene adatuluka kundende.

Zitsanzo zitatuzi zikuonetsa kuti alendo amalipira kuti amve nkhani, ndipo nyumba imene nkhani yake ikudziwika kwa anthu ambiri imapeza oiteteza ikakhala pachiopsezo.

Za m'dziko muno

Dziko la Malawi lili ndi nyumba zingapo za mtundu umenewu, makamaka mumzinda wa Blantyre. Nyumba ya Mandala idamangidwa m'chaka cha 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chidamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, ndipo holo yakale ya mzindawu, yomwe ili mumsewu wa Victoria, idamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria.

Phunziro lalikulu lidachokera ku malo a zisangalalo amene ankatchedwa French Cultural Centre. Kwa zaka pafupifupi 40 malowa adali bwalo lodalirika la oimba, alakatuli ndi a zisudzo. M'chaka cha 2011 dziko la France lidasiya kuwayendetsa ndipo boma la Malawi lidawagula, n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre. Pa nthawi imene malowa adangokhala opanda owagwiritsa ntchito, anthu ena adaba ndi kuononga katundu, ndipo padapita zaka boma likufunafuna ndalama zokonzera zimene zidaonongeka m'miyezi yochepa. Nyumba imene simulowa anthu tsiku ndi tsiku imaonongeka msanga kuposa imene ikugwira ntchito.

Chitsanzo cha mbali inayo ndi malo a Kungoni ku mishoni ya Mua m'boma la Dedza, amene adakhazikitsidwa m'chaka cha 1976 ndi Bambo Claude Boucher. Kumeneko alendo amaperekezedwa m'nyumba ya Chamare, momwe amamva za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao kuchokera kwa anthu a m'deralo amene adaphunzitsidwa ntchitoyi. Mua ndi mishoni yakumudzi ngati Mvera ndi Kongwe, choncho zimene zidatheka kumeneko zitha kuthekanso ku Dowa.

Mishoni ya Mvera

Mvera ili kum'mawa kwa boma la Dowa, kufupi ndi msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Salima, pamene mapiri amayamba kutsetserekera kunyanja. Pa 28 November 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok, adamanga misasa yawo pamalopa atavomerezedwa ndi mfumu ya Angoni, Chiwere. Iyi idali mishoni yoyamba ya mpingowu m'dziko muno, ndipo ndi pamene padayambira ntchito imene lero ili pansi pa Sinodi ya Nkhoma ya mpingo wa CCAP.

Kuchokera pa Mvera, amishoni adatsegula Kongwe m'chaka cha 1894 ndi Nkhoma m'chaka cha 1896. Mvera idakhala likulu la ntchito yonse kwa zaka zoposa 20 kufikira pamene likululo lidasamukira ku Nkhoma, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatsala pang'ono kuyamba. Pa Mvera ndi pamene padayambira sukulu yophunzitsa aphunzitsi ndi ntchito yosindikiza mabuku ya mishoniyi. Mpingo wa CCAP udapangidwa m'chaka cha 1924 pamene Livingstonia ndi Blantyre adagwirizana, ndipo Nkhoma idalowa nawo m'chaka cha 1926.

Kwa aliyense wowerenga ndi kulemba Chichewa, malo ofunika kwambiri m'derali ndi phiri la Kaso. Paphiripa ndi pamene Mbusa William Hoppe Murray, yemwe adafika m'dziko muno m'chaka cha 1894, adagwirira gawo lalikulu la ntchito yomasulira Baibulo. Komiti ya mipingo ingapo yoona za ntchitoyi idapangidwa m'chaka cha 1900, Chipangano Chatsopano chidatuluka m'chaka cha 1907, ndipo Baibulo lonse, lodziwika ndi dzina loti Buku Lopatulika, lidasindikizidwa m'chaka cha 1922. Murray sadagwire ntchitoyi yekha. Amalawi monga Jonathan Sande, Ishmael Mwale ndi Wilibes Chikuse ndiwo ankamuongolera pa kasankhidwe ka mawu, ndipo woperekeza alendo amene satchula maina awo amakhala atangofotokoza theka la nkhani. M'chaka cha 2022 bungwe la Bible Society of Malawi lidakumbukira kuti papita zaka 100 chitulukireni bukuli.

Pa nkhani ya nyimbo, tchalitchi cha mishoni ndicho chidali holo yoimbiramo ya anthu akumudzi. Ana a sukulu ankaphunzitsidwa kuimba powerenga zizindikiro za do, re, mi, zomwe mphunzitsi ankalemba pabolodi popanda kufuna limba kapena chida china chilichonse. Njira imeneyi idathandiza kuti kaimbidwe ka mawu anayi kafalikire m'midzi kudzera m'sukulu zing'onozing'ono za mishoni, ndipo makwaya ambiri a m'chigawo chapakati akuigwiritsabe ntchito. Buku la Nyimbo za Mulungu lidachokera m'mgwirizano womwewo wa mipingo umene udabala Baibulo la Chinyanja.

Dera la Mvera ndi kwawonso kwa Samuel Josia Ntara, yemwe adabadwa m'chaka cha 1905. Buku lake la Nthondo lidapambana pa mpikisano wa mabuku a ziyankhulo za mu Africa ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1933, kenako T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi. Ntara adalembanso Mbiri ya Achewa. Choncho ulendo wa ku Mvera umakhudza ophunzira a mbiri, a Chichewa ndi a nyimbo pa nthawi imodzi. Popeza malowa ali m'manja mwa mpingo, gulu lofuna kukawaona liyenera kuyamba lapempha kwa mbusa ndi akuluakulu a mpingo wa pamalopo.

Kongwe, Chibanzi ndi mapiri a Ntchisi

Kongwe ili kumpoto kwa likulu la boma la Dowa, patsinde pa phiri la dzina lomwelo, m'dera la Mfumu Msakambewa. Mishoniyi idatsegulidwa ndi Mbusa Robert Blake, ndipo dzina lake lidatsalira pa sukulu ya sekondale ya anyamata ya Robert Blake, imene yaphunzitsa anthu ambiri omwe adadzagwira ntchito m'boma, m'mipingo ndi m'makampani. Anthu amene adaphunzira pasukuluyi ndi gulu loyamba limene lingakhale ndi chidwi chobwerera kukaona malowa komanso kuthandiza kuwasamalira.

Mbiri ya Kongwe ndi Mvera siingamveke popanda kufotokoza za nkhondo za Angoni ndi Achewa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pa nthawiyo Achewa ambiri ankakhala m'midzi yozingidwa ndi malinga kapena ankathawira m'mapiri. Mmodzi mwa mafumu a Achewa a nthawiyo adali Msyamboza wa mudzi wa Chibanzi m'boma lomweli, yemwe adatchuka ndi malonda komanso ulimi wamakono, ndipo Ntara adalemba buku la moyo wake. Nkhani ngati imeneyi imathandiza mlendo kuona kuti amishoni adapeza anthu okhala ndi atsogoleri awo, nzeru zawo ndi zofuna zawo, ndipo mafumu ankalandira kapena kukana mishoni atalingalira za chitetezo ndi phindu la anthu awo.

Kumpoto kwa Kongwe kuli boma la Ntchisi, lomwe likulu lake kale linkatchedwa Visanza. Kumeneku kuli mishoni ya Chinthembwe, yomwenso idachokera ku ntchito ya pa Mvera, komanso nkhalango ya Ntchisi, yomwe idakhala yotetezedwa m'chaka cha 1924. Nkhalangoyi ndi imodzi mwa nkhalango zochepa zobiriwira chaka chonse zimene zatsala m'chigawo chapakati. Akuluakulu a m'deralo amasimba kuti makolo awo ankabisalamo pothawa nkhondo, ndipo ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mitengo yake idasiyidwira.

M'mphepete mwa nkhalangoyi muli nyumba yomangidwa m'chaka cha 1914 kuti akuluakulu a boma la atsamunda azikapumulirako, ndipo pambuyo pake idasandulika malo ogona alendo otchedwa Ntchisi Forest Lodge. Anthu a m'midzi yozungulira ndiwo amaperekeza alendo m'nkhalangomo, kuwaonetsa mitengo, mbalame, anyani ndi maluwa. Apa pali umboni wakuti nyumba yakale imene yapezeredwa ntchito yatsopano imakhalitsa, ndiponso kuti luso loperekeza alendo lilipo kale m'derali.

Dzaleka

Msasa wa Dzaleka uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe, kufupi ndi likulu la boma la Dowa. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi malowa adali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo anthu amati dzinali lidachokera ku mawu oti "ndidzaleka", lonjezo la munthu amene walandira chilango. Ena mwa amene adatsekeredwa kumeneku chapakati pa zaka za m'ma 1970 adali a Mboni za Yehova, omwe chipembedzo chawo chidaletsedwa m'chaka cha 1967 n'kudzaloledwanso m'chaka cha 1993.

M'chaka cha 1994 boma, mogwirizana ndi bungwe la UNHCR, lidasandutsa malowa kukhala msasa wa anthu othawa kwawo, makamaka ochokera ku Rwanda, Burundi ndi dziko limene lero likutchedwa Democratic Republic of Congo. Msasawu udakonzedwa kuti uzisunga anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika m'chaka cha 2023 chiwerengerochi chidali chitadutsa 50,000.

Pamalo pomwepa ndi pamene padabadwira bwalo lalikulu kwambiri la nyimbo m'boma la Dowa. M'chaka cha 2014 mlakatuli wochokera mumzinda wa Lubumbashi, Trésor Nzengu Mpauni, wodziwika ndi dzina loti Menes la Plume, adayambitsa chikondwerero cha Tumaini kudzera m'bungwe la Tumaini Letu. Mawu oti tumaini ndi a Chiswahili ndipo amatanthauza chiyembekezo. Pachikondwererochi, chomwe chidakwanitsa zaka 10 m'chaka cha 2024, oimba, ovina, alakatuli ndi a zisudzo a mumsasa amakwera nsanja imodzi ndi anzawo a m'dziko muno ndi akunja, ndipo anthu amalowa osalipira. M'chaka cha 2020 bungweli lidalandira mphoto ya Sharjah yolemekeza ntchito zothandiza anthu othawa kwawo.

Chofunika pa nkhani ino ndi chakuti okonza chikondwererochi adayambitsa dongosolo loti alendo azigona m'makomo mwa mabanja a mumsasa n'kumalipira mabanjawo, ndipo achinyamata a mumsasamo amayenda ndi alendo kuwaonetsa misika, malo odyera, matchalitchi ndi malo ophunzirira. Ndalama ya mlendo imalowa m'thumba la munthu amene wamulandira. Ngakhale zili choncho, Dzaleka ndi mudzi wa anthu amene adakumana ndi zowawa, ndipo ena mwa iwo ali ndi zifukwa zokwanira zosafunira kuti nkhope zawo zioneke pa intaneti. Kulowa mumsasa kumafuna kudziwitsa akuluakulu a boma oyang'anira malowa, ndipo kujambula munthu kumafuna chilolezo cha mwiniwakeyo.

Mbiri ya ndende nayo ikufunika kulembedwa msanga. Anthu amene adamangidwapo, amene adagwirapo ntchito ndi amene adakhala m'midzi yoyandikana nayo pa nthawiyo tsopano ndi okalamba, ndipo msasa ukamakula zizindikiro za ndende yakale zimanka zikwiririka ndi nyumba zatsopano.

Mabwalo a magule

Amishoni asanabwere, anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi adali kale ndi malo awo omvera nyimbo, omwe ndi bwalo la mfumu. Pabwalo ndi pamene pamavinidwa Gule Wamkulu, chisamba, chimtali ndi mganda. Mganda, womwe maboma awiriwa amanyadira nawo kwambiri, udatengera kaguba ndi kavalidwe ka asilikali amene adabwerera kuchokera kunkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo ovina amaliza malipenga opangidwa ndi zikho.

Bungwe la UNESCO lidalengeza Gule Wamkulu kukhala chuma cha anthu onse m'chaka cha 2005 ndipo lidamulemba m'kaundula wake m'chaka cha 2008, m'dzina la maiko a Malawi, Mozambique ndi Zambia. Koma Gule Wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Mlendo amaonera pabwalo ataloledwa ndi mfumu yokhala ndi mzinda, ndipo kudambwe ndi kumanda sikofikako munthu wosalowa. Woperekeza alendo ayenera kudziwa malire amenewa, kuti ulendo wofuna kulemekeza chikhalidwe usasanduke gwero la mlandu pakati pa mafumu ndi khonsolo.

Pali chinanso chofuna nzeru. Kwa zaka zambiri mpingo ndi eni Gule Wamkulu sankamwerana madzi, ndipo mikangano ya sukulu za mishoni ndi mizinda ya gule ndi mbali ya mbiri ya Dowa. Ulendo umene ukuphatikiza tchalitchi ndi bwalo uyenera kufotokoza mbiri imeneyi mwachilungamo, popanda kunyoza mbali iliyonse.

Ntchito ya woperekeza alendo

Woperekeza alendo wabwino amayamba ndi kusonkhanitsa mfundo zoona. Zaka, maina ndi ziwerengero zimachokera m'mabuku a mpingo, m'nkhokwe ya zolembedwa zakale ya National Archives ku Zomba ndi m'mabuku a akatswiri a mbiri. Nkhani za pakamwa zimachokera kwa mafumu ndi okalamba, poti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Pofotokoza, ayenera kusiyanitsa zimene zidalembedwa pa nthawiyo ndi zimene anthu amasimba, kuti mlendo adziwe kulemera kwa chilichonse.

Chachiwiri ndi kukonza njira ndi nthawi. Ulendo wa pamalo amodzi umene wapitirira maola awiri umatopetsa ana ndi okalamba, choncho malo oimapo amasankhidwa ochepa ndipo pamalo alionse pamakhala nkhani imodzi yomveka. Maulendo sayenera kusokoneza mapemphero, maliro, maphunziro kapena ntchito za chipatala. Pamene pali kwaya kapena gulu la mganda lokonzeka, alendo amve kuimba kwenikweni, chifukwa nyumba yoimbiramo imamveka bwino mukamaimbidwa.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Alendo ambiri amene angafike ku Mvera ndi ku Kongwe ndi Amalawi, makamaka ana a sukulu, magulu a mipingo ndi ogwira ntchito m'boma, kotero kufotokoza m'Chichewa chomveka bwino ndiye maziko, Chingerezi n'kubwera pambuyo. Ku Dzaleka kuli mwayi wa achinyamata odziwa Chifalansa ndi Chiswahili. Maphunziro a ntchito zokopa alendo amaperekedwa ku Malawi Institute of Tourism ndi ku yunivesite ya Mzuzu.

Chachinayi ndi ndalama. Mtengo uyenera kulembedwa poonekera, wosiyana kwa ana a sukulu, Amalawi ndi alendo akunja, ndipo aliyense wolipira alandire lisiti. Kagawidwe ka ndalamazo pakati pa woperekeza, thumba lokonzera nyumba ndi anthu a m'mudzi kayenera kugwirizanidwa ulendo woyamba usanachitike, popeza ntchito zambiri za m'midzi zimafera pa nkhani ya ndalama zosadziwika kolowera.

Nyengo yabwino ya maulendowa ndi kuyambira May mpaka October, pamene misewu yafumbi yopita kumishoni ndi kunkhalango imakhala youma. M'miyezi ya June ndi July kumapiri kumazizira kwambiri ndipo alendo amafunika zovala zamphepo.

Malamulo ndi udindo wa adindo

Lamulo lalikulu pa nkhaniyi ndi la Monuments and Relics Act la m'chaka cha 1990, lomwe lidalowa m'malo mwa lamulo la m'chaka cha 1965. Lamuloli limapatsa nduna mphamvu zolengeza kuti nyumba kapena malo ena ndi otetezedwa, ndipo zikatero palibe wololedwa kugumula, kusintha kapena kukumba pamalopo popanda chilolezo. Limaletsanso kutulutsa kunja zinthu zakale popanda chilolezo. Ntchitoyi imayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za nyumba zosungiramo zinthu zakale ndi zipilala. Dziko lino lidavomereza pangano la UNESCO loteteza malo a mbiri m'chaka cha 1982 ndi pangano loteteza miyambo m'chaka cha 2010, ndipo ndondomeko ya dziko ya zachikhalidwe idavomerezedwa m'chaka cha 2015.

Malinga ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la m'chaka cha 1998, makhonsolo ali ndi udindo wokonza mapulani a chitukuko kuchokera ku makomiti a m'midzi ndi a m'madera. Malo a mbiri amene sadalembedwe m'mapulani amenewa sapeza ndalama za msewu, zikwangwani kapena zimbudzi. Choncho poyambira ndi kalembera wa nyumba ndi malo onse akale m'bomalo, wosonyeza mwini wake, chaka chimene adamangidwa, mmene alili lero ndi munthu amene akudziwa mbiri yake.

Pa kakonzedwe ka nyumba, adani akulu ndi denga lodontha, chiswe, mileme ndi madzi oima m'mphepete mwa khoma. Nyumba zambiri za mishoni zidamangidwa ndi njerwa zootcha zolumikizidwa ndi dothi kapena laimu. Kuzimata ndi simenti yolimba kumatsekera chinyezi m'kati mwa khoma ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka. N'chifukwa chake mpingo kapena sukulu yofuna kukonza nyumba yakale iyenera kufunsa kaye akatswiri a nthambi ya boma. Mipingo ikamakula imafuna matchalitchi akuluakulu, ndipo njira yabwino ndi kumanga chatsopano pambali, chakalecho n'kuchisandutsa malo ophunzirira kwaya, ochitira misonkhano ndi osungiramo zinthu zakale.

Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu January 2021, amatchula ntchito zokopa alendo ngati imodzi mwa njira zotukulira chuma. Kwa maboma a Dowa ndi Ntchisi, omwe alibe nyanja, chuma chimenechi chili m'mbiri yawo. Zimene zikufunika poyamba sizilira ndalama zambiri: kalembera wa malo, kujambula mawu a okalamba akadali moyo, kuphunzitsa achinyamata angapo pamalo alionse, ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa khonsolo, mafumu, Sinodi ya Nkhoma, nthambi ya zankhalango ndi oyang'anira msasa wa Dzaleka. Denga likagwa litha kumangidwanso pakapezeka ndalama, koma nkhalamba yodziwa mbiri ikamwalira isanafunsidwe, zimene inkadziwa zimapita nayo kumanda.